Pangano Limene Mheberi Anaswa

M'nyumba imene mnyamata uyu anakuliramo, mabuku ankakhala pamipando, moti mlendo ankayamba wasuntha dikishonale asanakhale pansi. Bambo ake anali omasulira Baibulo. Anathera moyo wawo m'kachipinda ka pafupi ndi khitchini, akulimbana ndi Chipangano Chakale liwu ndi liwu, mpaka maso awo anayamba kuchita nkhungu. Mayi ake anali mphunzitsi wa ana aang'ono, munthu wa mawu ochepa koma olasa. Chuma munalibe m'nyumbamo, koma munalibenso ndewu. Chitseko sichinkamenyetsedwa, ndipo palibe amene ankadya asanapemphere.

Maso a bambo atafooka, mwana wawo ndiye anakhala maso awo. Akaweruka kusukulu ankakhala pambali pa desiki n'kumawawerengera zilembo za Chiheberi, zija zoyambira kumanja kupita kumanzere. Anzake anamupatsa dzina loti Mheberi, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka atamera ndevu.

Atamaliza sukulu ya Baibulo anapeza mbeta, mtsikana wosoka zovala yemwe anali ndi kashopu kake pafupi ndi msika. Anali wofatsa, woseka ndi maso, ndipo makolo a Mheberi anamukonda ngati wobala okha. Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, bambo anaitana mwana wawo m'kachipinda kaja.

"Pangano m'Chiheberi amati chiyani?"

"Beriti, bambo."

"Nanga pangano amalitani? Amalilemba? Amalisainira?"

"Amalidula. Liwu lake ndi karati. Ankadula nyama pakati, opanganawo n'kudutsa pakati pa zidutswazo, ngati akunena kuti, ndikaswa pangano ili, zimene zachitikira nyamayi zindichitikire ine."

"Wakhoza. Tsono mawa ukaimirira kutsogolo kwa tchalitchi, usakaone maluwa okha ayi. Ukaonenso magazi."

Mayi, amene ankasita malaya a mkwati pakhomo la kachipindako, anaseka. "Abambo inu, mwanayu akupita ku ukwati, sakupita ku butchala."

Onse anaseka, ndipo Mheberi anaseka kuposa onse.

Banja latsopanoli linakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya makolo, mumpanda womwewo. Posakhalitsa Mheberi anapeza ntchito pa wailesi ya mpingo. Masana a Lachisanu lililonse ankalankhula mwachindunji, akumasulira liwu limodzi la Chiheberi: kumene lichokera, mmene aneneri analigwiritsira ntchito, ndi chimene likutiuza lero. Mawu ake anali ozama, okoma ngati a woimba besi, ndipo anthu anamukonda. M'mashopu ometera tsitsi ankakweza wailesi. Azimayi pamsika ankafunsa mkazi wake kuti, "Kodi kunyumbanso amakulankhulani Chiheberi?" Iye ankayankha kuti, "Akakhala ndi njala amalankhula chathu chomwechi."

Bambo, poona kuti iwo sangayendetsenso, anamupatsa makiyi a galimoto yawo yakale. "Ndi ya pakhomo pano," anatero. "Ikhale miyendo ya tonse."

Pa wailesipo panali mkulu wina woyendetsa makina, amene aliyense ankamutchula kuti Mawaya. Anali munthu wanthabwala, wodziwa za aliyense, wosaopa kanthu. Tsiku lina kunabwera mtsikana woimba kudzajambula nyimbo yotsegulira pulogalamu ya Mheberi. Anaimba atatsinzina, ndipo atamaliza anayang'ana Mheberi kudzera pagalasi la situdiyo n'kumwetulira.

"Wamuona?" anatero Mawaya, akumugunda ndi chigongono. "Wakhala akufunsa za iwe kuyambira m'mawa."

"Ndine wapabanja ine."

"Ndani wati usiye banja? Mkazi wako ali ndi pakati, watopa, akununkha mafuta a makina osokera. Munthu sadya ndiwo imodzi chaka chonse, achimwene. Ndiponso iwe umadziwa Malemba kuposa abusa. Ukalakwa udzadziwa khomo lotulukira."

Mheberi anaseka n'kunena kuti Mawaya ndi satana wovala mahedifoni. Koma woimba uja atamupempha nambala ya foni, ati kuti azimufunsa matanthauzo a mawu oti aziika m'nyimbo, anamupatsa.

Poyamba ankafunsadi za mawu. Kenaka anayamba kufunsa ngati wadya. Kenaka anamupempha kuti akamutule kwawo ndi galimoto, chifukwa kunali mvula. Mwezi usanathe, galimoto yakale ija inayamba kuoneka itaima kuseri kwa nyumba ina yogona alendo, kunja kwa tauni.

Woyamba kununkhiza anali mayi ake. Anamupeza akutsuka mipando ya galimoto ndi sopo wambiri Loweruka m'mawa.

"Galimoto imeneyi yayamba kudzola mafuta onunkhira?" anafunsa.

"Ndinanyamula anzanga a kuntchito, amayi."

"Anzako a kuntchito amasiya ndolo pansi pa mpando?" Anatambasula dzanja. M'chikhatho munali kandolo kofiira. "Ndinakatola dzulo mpongozi wanga asanakaone. Sindinakubisire iwe, ndinabisira mwana ali m'mimbayo. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Leka zimenezi kukadali kowala."

Mheberi analumbira kuti sakudziwa kanthu, ndipo anakwiya ngati munthu wonamiziridwa.

Koma njira yoipa imafuna nthawi, ndipo nthawi ndi imene analibe. Mawaya anamupezera nzeru. "Bwanji tizijambuliratu pulogalamu yako Lachinayi? Lachisanu ndizingoiika, anthu aziganiza kuti uli pompano. Iwe masana onse ndi ako. Mkazi wako akatsegula wailesi azimva mwamuna wake akutumikira Mulungu. Umboni woposa pamenepa ulipo?"

Anachitadi zimenezo. Lachisanu lililonse mkazi wake ankaika kawailesi pambali pa makina osokera, n'kumauza makasitomala monyadira kuti, "Tamverani, ndi abambo a kunyumba amenewo." Nthawi yomweyo mwamunayo anali atazimitsa foni m'chipinda cha makatani okhuthala.

Lachisanu lina anadzuka ndi chimfine, mawu atasasa. Madzulo ake bambo anamuitana m'kachipinda kaja n'kumuuza kuti atseke chitseko.

"Maso anga anafa, koma makutu ali moyo," anatero. "M'mawa uno sumatha n'kupereka moni komwe. Masana pa wailesi mawu ako anali oyera ngati belu. Tsopano asasanso. Unali kuti?"

Mheberi anaweramitsa mutu.

"Liwu limene unaphunzitsa lero ndi liti?"

"Bagadi."

"Tandiuza tanthauzo lake. Ndine nkhalamba, ndimaiwala."

"Kuchita chinyengo," anayankha motsitsa. "Kupereka munthu amene amakukhulupirira."

"Mdani sangakuchite bagadi. Mlendo sangakuchite bagadi. Amachita ndi wa m'nyumba, amene unamutsegulira chitseko wekha. Aneneri analigwiritsa ntchito pa mtundu wosiya Mulungu wake, ndiponso pa mwamuna wonyenga mkazi wa ubwana wake. Unafotokoza bwino kwambiri lero, ine misozi inalengeza. Koma pali liwu lina limene sunaphunzitsebe. Maali. Kutenga chinthu chopatulika, cha Mulungu, n'kuchigwiritsa ntchito pa zako. Iwe watenga Mawu a Mulungu n'kuwasandutsa bulangete lofundira chigololo."

Mheberi anadzutsa mutu. Manyazi anali atasanduka mwano. "Bambo, liwu limenelo kwenikweni limanena za ziwiya za m'kachisi ndi nsembe. Akatswiri ambiri amati..."

"Usandiphunzitse dikishonale imene ndinakuphunzitsa kutsegula!" Bambo anamenya desiki, chinthu chimene anali asanachitepo. Kenaka mawu awo anatsika. "Mwana wanga, kudziwa dzina la njoka sikuletsa ululu wake. Pita ukagwade pamaso pa mkazi wako lero lomwe. Ine ndikuperekeza."

"Ndamva, bambo. Ndisiya. Koma musamuuze, mungamupweteke ndi pakati paja."

Anasiyadi sabata imodzi. Sabata yotsatira woimba uja analira pafoni, nati adzipweteka ngati sabwera. Mawaya anati, "Kamutsanzike bwinobwino, kamodzi komaliza. Munthu samusiya ngati chitsa." Ndipo kamodzi komaliza kanabala kena, kenanso kanabala kena.

Mkazi wake sanali wopusa. Tsiku lina akumuyesa jekete latsopano limene anamusokera, atagwira mapini pakamwa, anaima n'kuwachotsa.

"Abambo, ndakulakwirani chiyani?"

"Iwe wayamba liti zimenezi?"

"Mumandiyang'ana ngati mukuyang'ana khoma. Mwanayu akamagunda ndikati gwirani apa, mumagwira ngati mukugwira mbaula. Ngati pali wina, ndiuzeni. Ndipirira choonadi, koma bodza likundidya."

"Ntchito yandichulukira basi. Ukufuna ndisiye kutumikira Mulungu kuti ndizikhala pano kukugwira mimba?"

Mkaziyo anabwezera mapini pakamwa n'kupitiriza kupinda mkono wa jekete.

Linafika Lachisanu lina, mwezi woti mkazi wake achire usanakwane. M'mawa mkaziyo anadandaula kuti msana ukumupweteka ndipo sapita kushopu. Mayi anauza mwana wawo kuti, "Lero siya galimoto pakhomo. Mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe amatha kuyendetsa, zikavuta atithandiza."

"Ndili ndi pulogalamu, amayi. Mukandifuna imbani ku wailesi, ndifika msanga."

Anatenga makiyi napita. Atafika kunyumba yogona alendo ija anazimitsa foni.

Dzuwa litapendeka pang'ono, mkazi wake anakuwa ali m'bafa. Mayi atathamangira anamupeza atakhala pansi, magazi akuyenderera pasimenti. Anaimba foni ya mwana wawo, yozimitsa. Anaimba ku wailesi, anayankha Mawaya.

"Ali pa mphepo akuulutsa pulogalamu, mayi, sangatuluke panopa."

"Mutulutseni! Mkazi wake akufa!"

Apo Mawaya anati, "Mayi, kunena zoona, kuno kulibe. Sindikudziwa kumene ali." Ankadziwa, koma anaopa kutchula.

Bambo anatuluka pageti ndi ndodo yawo, akupapasa mpanda, n'kuima pakati pa msewu atakweza manja. Magalimoto ankawalambalala akuliza mahutala, ena akuwatukwana kuti ndi chidakwa. Mayi ankathamanga khomo ndi khomo. Papita nthawi yaitali, woyendetsa lole yonyamula njerwa anaima. Anamugoneka mkaziyo pampando wakutsogolo, mutu uli pamiyendo ya apongozi ake.

Mu lolemo wailesi inali yotsegula, ndipo mawu a Mheberi anadzaza monse, odekha, okoma.

"Liwu lathu lero ndi pakadi. Limatanthauza kuyendera, kudzaona. Mulungu anayendera mayi wosabala, ndipo anakhala ndi mwana. Koma liwu lomweli ndi limene limanena za Mulungu akamabwera kudzalanga mphulupulu. Mlendo ndi mmodzi yemweyo, okondedwa omvera. Kusiyana kuli pa chimene adzakupeza ukuchita."

"Ndimamukonda mnyamata ameneyu," anatero woyendetsa lole, osadziwa kanthu. "Amalankhula ngati anakhalako kumwamba."

Mkaziyo anatsegula maso. "Amayi, si ameneyo akulankhulayo? Bwanji sakubwera?"

Mayi anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesiyo.

Mheberi anayatsa foni dzuwa likulowa. Mauthenga analowa motsatizana ngati matalala padenga. Anafika kuchipatala malaya atamanga mabatani mosemphanitsa. Pabenchi la mukhonde panali bambo ake, ndodo ili pakati pa miyendo, ndi mayi ake, chovala chawo chili magazi okhaokha ouma.

"Ali kuti? Zili bwanji?"

Mayi sanamuyang'ane. Anayankha ndi namwino amene ankatuluka m'chipinda. "Ndinu amuna awo? Mayiwa tawapulumutsa, koma anataya magazi ambiri ndipo adokotala achotsa chiberekero. Mwana sitinathe kumupulumutsa. Anali wamwamuna. Akanafika msanga, mwina tikanakamba zina."

Mheberi anakhala pansi pasimenti. Palibe amene anamudzutsa.

Atamulola kulowa, anapeza mkazi wake atagona chagada, milomo itayera, machubu ali m'manja. Anagwada pambali pa bedi nayamba kulira, akutchula Mulungu, akutchula satana, akutchula Mawaya.

"Musalire mokweza, muno muli odwala ena," anatero mkaziyo ndi mawu ofooka. "Ndinakumvani mu lole. Munaphunzitsa bwino." Anatembenukira kukhoma.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mkulu wa wailesi atafufuza, Mawaya anaulula zonse kuti apulumutse ntchito yake, koma onse awiri anachotsedwa tsiku limodzi. Mpingo unamuimitsa Mheberi pa maudindo onse. Woimba uja anasintha nambala, ndipo anauza anzake kuti iye sankadziwa kuti munthuyo ali pabanja. M'mashopu ometera tsitsi, mmene kale ankakweza wailesi, tsopano ankamuyeserera mawu ake n'kumaseka. "Chikomekome cha mkuyu," ankatero, "m'kati muli nyerere."

Mkazi wake atatuluka m'chipatala sanabwerere kukanyumba kaja. Mchimwene wake anabwera ndi ngolo kudzatenga makina osokera ndi masutikesi. Iye mwini analowa m'nyumba yaikulu kukatsanzika apongozi ake. Anagwada, ndipo mayi anamukumbatira nalira naye. Bambo anamugwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga, tinakulandira ndi manja awiri, ndipo takubweza wosweka. Utikhululukire."

"Inu simunandilakwire, bambo. Inu munaima pamsewu."

Mheberi anamudikira pageti. "Ndipatse mpata umodzi wokha. Ndasintha."

"Mwina mwasinthadi," anatero mkaziyo. "Ndikupempha Mulungu kuti tsiku lina ndidzathe kukukhululukirani, chifukwa sindikufuna kufa ndi mwala mumtima. Koma kubwerera m'nyumba ija, kulowanso m'bafa lija, sindingathe. Madzi akatayika saoleka." Anatsatira ngolo ija osacheuka.

Kwa miyezi ingapo Mheberi sankatuluka. Ankagona masana, ndevu zinakula, ndipo anayamba kubisa mabotolo kuseri kwa kabati. Mayi ankamuikira chakudya pakhomo osagogoda. Tsiku lina m'mawa analowa m'kachipinda ka bambo ake akununkha mowa wa dzulo.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi, bambo. Mulungu anapha mwana wanga kuti andilange? Ngati ndi choncho, chilungamo chake chili pati? Wolakwa ndine, bwanji sanaphe ine?"

Bambo anatembenukira kumene kunkachokera mawu ake.

"Sindinakhale nawo pa upo wa Mulungu, ndipo sindinganene kuti anapha mwana. Chimene ndikudziwa n'chakuti galimoto inali kwina, foni inali yozimitsa, ndipo anazimitsa si Mulungu. Ukufuna woweruza wakunja woti ukangane naye, chifukwa kukangana umatha. Khala pansi. Avoni ndi chiyani?"

"Mphulupulu."

"Basi?"

"Limatanthauza kupotoka kwa tchimolo. Limatanthauzanso mlandu umene munthu amasenza. Ndiponso chilango chake."

"Liwu limodzi, zinthu zitatu. Tikumasulira tinkavutika nalo, chifukwa m'chilankhulo chathu timazilekanitsa. Timaganiza kuti tchimo lili pano, chilango chili kutali, ndipo pakati pali mpata woti munthu wochenjera athawirepo. Aheberi ankadziwa kuti mpata umenewo kulibe. Chilango chimakhala m'kati mwa tchimo ngati nthangala m'chipatso. Tsiku limene unayamba kuzimitsa foni, unali utanyamula kale zonsezi."

Mheberi anaphimba nkhope. Kwa nthawi yoyamba sanatchule satana, kapena Mawaya, kapena woimba uja. "Ndine, bambo. Ndinapha mwana wanga ndine. Ndinaononga mkazi wanga ndine. Palibe chotsala."

"Chatsala chimodzi, ndipo si chachikulu monga ukufunira. Shuvu. Kutembenuka. Aneneri ankalifuula kwa anthu amene mzinda wawo unali utapsa kale. Silimanganso zimene zapsa. Mwana sadzabwerera, chiberekero sichidzabwerera, ndipo mkazi uja usamuvutitse, ali ndi ufulu wokukana. Amene angabwerere ndi iwe wekha. Ndipo liwu limeneli salimasulira ndi pakamwa, amalimasulira ndi mapazi."

Tsiku lomwelo Mheberi anatulutsa mabotolo aja n'kuwakhuthulira m'ngalande, mayi ake akuonerera pawindo. Lamulungu lotsatira anaimirira kutsogolo kwa mpingo, nanena zimene anachita m'mawu wamba, osatchula liwu la Chiheberi ngakhale limodzi. Ena analira, ena anatuluka. Pa wailesi sanabwererenso. Anapeza ntchito yonyamula ndi kusanja mapepala pamalo ena osindikizira mabuku, ndipo amagwira mpaka lero, mwakachetechete. Bambo ake anamwalira chaka chotsatira. Mkazi uja anatsegula shopu m'tauni ina, ndipo sadzabalanso. Mheberi akakumana ndi mwana wamwamuna wa msinkhu umene wake akanafika, amawolokera tsidya lina la msewu.

Wachinyamata iwe, amene wakulira m'nyumba ya mapemphero ndipo mavesi umawadziwa pamtima, imva izi. Kudziwa Malemba sikunapulumutsepo munthu amene sawamvera. Ukhoza kufotokoza tchimo m'zilankhulo zonse, anthu n'kukuombera m'manja, iwe uli m'kamwa mwake. Pangano limene unapanga pamaso pa Mulungu, kaya ndi la ukwati kaya ndi la ubatizo, si mawu a pamwambo chabe. Ukaliswa, oyamba kukhetsa magazi amakhala amene sanalakwe, ndipo kulapa kwako, ngakhale Mulungu akulandire, sikudzawabwezera zimene unawalanda. Makolo akakuchenjeza, tembenuka tsiku lomwelo. Usanene kuti kamodzi komaliza.